Buledi wa Bambo M'nyengo ya Mwera

Fungo la anyezi ndi usipa zikamakazingidwa m'mawa limandibweza kukhitchini kwathu ku Makanjira, chaka chomwe ndinali mu Sitandade 4. Inali khitchini yofolera ndi udzu, yakuda bii ndi mwaye, chitseko chake cha bango. Mwera unali utangoyamba. Unkalowa m'mipata ya chitsekocho n'kumatiwaza mchenga m'mapazi, ndipo milomo yathu inkang'ambika ngakhale tidzole mafuta chotani.

Amayi anali oyembekezera. Mwana amene anabwera pambuyo pa mlongo wanga wamng'ono Maliko anamwalira pobadwa, choncho anamwino a pachipatala chathu ananena kuti ulendo uno amayi akadikirire kuchipatala chachikulu ku boma. Msewu wathu sunali woti munthu ayambe ulendo matenda atayamba kale. Anakwera lole ya nsomba atanyamula mphasa ndi kathumba ka ufa, ndipo pakhomo tinatsala ndi bambo ana atatu: ine Lute, mlongo wanga Yohane wa Sitandade 2, ndi Maliko yemwe anali asanayambe sukulu.

Bambo ankapikula nsomba padoko n'kukazigulitsa pa njinga m'midzi ya kumapiri, kufupi ndi malire. M'nyengo ya mwera nsomba zimasowa, ndipo wofika mochedwa ankapeza mabwato atapanda kanthu. Masiku oyamba zinthu zinasokonekera. Bambo akatereka phala ankalisiya pamoto n'kuthamangira kudoko, ine n'kulipsereza kapena kuliphula lili ndi mibulu. Tinkafika kusukulu belu litalira kalekale, n'kuyamba ndi chibalo chosesa. Tsiku lina Yohane anagona m'kalasi ndi njala mpaka aphunzitsi anamubweza.

Nkhaniyi inawapeza mayi aakulu, a Elube, akulu awo a amayi, ndipo anatulukira Lamulungu masana. Anakhala pakhonde, kuyang'ana zovala zathu zakuda ndi miyendo yathu yotuwa.

"Alamu, mwamuna salera ana," anatero. "Lute ndi Maliko ndipita nawo. Yohane akakhala kwa amalume ake."

Ine sindinafune kupita, chifukwa kumudzi kwa mayi aakulu sukulu inali kutali ndipo atsikana ambiri sankapitako. Bambo anayankha modekha, manja ali pamawondo. "Ndamva, alamu. Koma ana awa mayi awo anawasiya pamodzi, ndipo adzawapeza pamodzi. Ndipatseni masiku, mudzabwerenso mudzaone."

Kuseri kwa mpanda wathu, pansi pa mitengo ya migwalangwa, kunali kanyumba ka a Juwau. Anali mmodzi mwa anthu ochuluka amene anatsika mapiri kuthawa nkhondo ya ku Mozambiki, ndipo bambo anawapatsa malowo kuti amangepo. Ankakhala okha. Paunyamata wawo anali khukhi m'nyumba ya Mpwitikizi ku Lichinga. Chiyao ankachilankhula ngati madzi, koma Chichewa chawo chinkayenda chotsimphina. Zonse za pakhonde anazimva, ndipo mayi aakulu atangopita anasuzumira pampanda.

"Achimwene, phala likufuna munthu woima pamoto," anawauza bambo. "Buledi ayi. Mukuphika dzulo, mukudya lero, mukudya mukuyenda."

Mawa lake bambo anabwera ndi kapepala ka ufa wa tirigu kuchokera kugolosale. Unali wochepa, choncho a Juwau anausakaniza ndi ufa woyera ndi wa chinangwa. Yisiti kunalibe. M'malo mwake anathiramo uchema pang'ono, mowa wa m'migwalangwa yomweyo, n'kuwaonetsa bambo kakandidwe kake m'beseni, kukankha ndi chikhatho, kupinda, kukankhanso. Anavundikira ndi chitenje cha amayi n'kuika padzuwa pakhoma losawomba mphepo. Utafufuma anaumba timikate titalititali tomwe iwo ankatitcha pawu, kutiyala m'sefuliya yakale, lata pamwamba, makala pansi ndi pamwamba.

Mkate wa a Juwau unatuluka wofewa, wofiirira bwino. Woyamba wa bambo unali mwala. Yohane anagenda nawo mbuzi ya eni ake ndipo mbuziyo inalira. Bambo anaseka mpaka kutsokomola, n'kunena kuti ngakhale njinga anaiphunzira ndi kugwa. Pofika tsiku lachitatu buledi wawo ankati ukamudina ndi chala n'kubwerera.

Kuyambira pamenepo m'mawa mwathu munayenda ngati gule wodziwika. Kunja kukamayera, bambo ankasonkha moto n'kuikapo chiwaya. Mafuta pang'ono, anyezi, kenaka usipa wouma wodula mitu, n'kuuvundula mpaka ukhale wokhukhuta. Ankathiramo tomato, ndipo pomaliza ankaswerapo mazira a abakha athu, akuluakulu a chikasu chakuya, n'kusiya kuti zonse zigwirane ngati chitumbuwa chimodzi chachikulu. Ntchito yanga inali kung'amba buledi m'litali osamulekanitsa, n'kumugoneka pa lata lotentha kuti m'kati muwauke. Bambo ankadula chokazingacho ndi supuni, kulowetsa m'buledi aliyense, kufinyirapo ndimu, ndipo mwa iwo okha ankaikamo tsabola wa kambuzi. Ine ndinkakulunga m'masamba a nthochi owambidwa pamoto kuti asang'ambike. Nthawi imeneyo Yohane ankakhala akumusukusula Maliko ndi kumuveka juzi.

Abakha akapanda kuikira, tinkapaka chiponde chosinja tokha n'kuyalamo nthochi. Nyemba zikatsala dzulo lake, bambo ankazikanya ndi anyezi, nazonso n'kulowa m'buledi. Panalibe tsiku lomwe ananena kuti lero palibe choikamo.

Tinkatuluka pamodzi. Bambo ankaika phukusi lawo m'dengu la panjinga n'kulowera kudoko, Maliko n'kupita kukakhala ndi a Juwau atafumbata lake ndi manja awiri. Ine ndi Yohane tinkadya tikuyenda m'njira ya mchenga, phukusi likutifunditsa zala, mafuta akutsikira m'zigongono. Tinkafika aphunzitsi asanatsegule ofesi. Anzathu ankatizungulira kupempha kuti alumeko, ndipo Yohane, yemwe kale ankasekedwa chifukwa chogona, anasanduka munthu wofunika.

Kumjigo azimayi ankandifunsa ngati bambo ayamba kale kuvala chitenje. Ndinakawauza bambo ndikulira. Anali akukanda ufa, wina utawamatirira m'ndevu. "Ukawauze kuti chitenje chili pa beseni, chikugwira ntchito," anatero, osaleka kukanda. Ndinakanenadi, ndipo azimayiwo anaseka mpaka mmodzi anatula ndowa pansi. Patapita masiku, awiri mwa iwo anabwera kudzaona kaikidwe ka makala pa lata.

Mayi aakulu sanadikire Lamulungu. Anafika pakati pa sabata m'mamawa, mosayembekezeka, n'kuima pakhomo la khitchini atadzikulunga nsalu ziwiri. Anatipeza titasamba, mabuku ali m'majumbo, chiwaya chikulira. Bambo anawalonjera mwaulemu n'kuwapatsira phukusi ndi manja awiri. Anamasula tsambalo, kutsegula bulediyo ngati akufufuza katundu wakuba, kununkhiza, kenaka kuluma. Anatafuna nthawi yaitali. Maliko ankangofwenthera.

"Mchere wachuluka," anatero.

"Mawa tichepetsa, alamu."

Anamaliza yense, mpaka kunyambita chala. Anamugwira Maliko n'kumuyang'ana m'mutu ndi m'makutu, ndipo anapezamo zokwanira zowadzudzulira bambo. Tsikulo analithera kuchapa mabulangete athu. Pobwera kusukulu ndinapeza atayanikidwa pampanda, mayi aakulu atapita okha.

Chakumapeto kwa nyengoyo bambo anakwera lole kukawaona amayi, atanyamula buledi m'kathumba. Anagonako, ife tinagona m'nyumba, a Juwau ali pakhonde ngati mlonda. Pobwerera anangoti amayi atipatsa moni, n'kundiitana kubeseni. Kuyambira tsiku limenelo anayamba kundiphunzitsa kukanda, ndipo iwo anapempha azimayi awiri aja kuti awaonetse kutendera ndiwo ndi kumanga tsitsi langa. Manja awo ozolowera chingwe cha dengu ankandikoka mpaka misozi, koma mizere inkatuluka yowongoka.

Uthenga unabwera ndi dalaivala wa lole: amayi anachitidwa opaleshoni, kwabadwa mwana wamkazi, onse ali moyo. Bambo anakhala pansi pomwepo pamchenga, njinga itagwera uko. Amayi anafika mwera utayamba kuleka, mitengo ya mango ili mbuu ndi maluwa. Anali atawonda, ankayenda atagwira pamimba, ndipo anatiwerenga ndi maso tonse atatu asanakhale pansi. Bambo anapitiriza kuphika mpaka amayi atapeza mphamvu. Kenaka amayi anaitenganso khitchini yawo, phala linabwerera, ndipo sefuliya ija inakhala yomwera abakha. Nkhondo itatha, a Juwau anakwera mapiri kubwerera kwawo, ndipo sitinawaonenso.

Nthawi yonseyo ine ndinkangoona kuti bambo anga ndi munthu wosaopa kanthu, amene wapeza masewera atsopano, ndiponso kuti a Juwau ankatithandiza chifukwa chosowa chochita. Ndinali ndi ana anga kale pamene bambo anandiuza zomwe anakamva kuchipatala ulendo uja: madokotala sanawalonjeze kuti amayi adzatuluka amoyo. Anandiuzanso kuti akazi a a Juwau anafera m'njira pothawa, ndipo a Juwauwo anavomera kuti abale agawane ana awo anayi kwa kanthawi, anawo n'kumwazikana m'misasa yosiyanasiyana. Pobwerera kwawo anali atapezako awiri okha. Amuna awiriwo ankadziwa bwino chimene ankakonzekera m'khitchini muja, choti amayi akapanda kubwera ife tisagawidwe, ndipo anagwirizana kuti ife tizingodziwa kuti m'mawa kuli chakudya.