Nyengo Imene Ndinkaopa Kumeza

Lamba uja anali wachikopa chofiirira, ndipo anabwera kuchokera ku Joni m'sutikesi ya amalume. Anali wa munthu wamkulu, koma amalume anamufupikitsa ndi mpeni kuti andikwane. Chimene ndimakumbukira kwambiri ndi timabowo titatu timene amayi anaboola ndi msomali wotentha, kamodzi mu Meyi, kena mu Juni, kachitatu mu Julaye, chifukwa kabudula wanga wa yunifomu ankangotsetsereka. Fungo la chikopa chopserera lija ndimalimvabe. Amayi ankaboola ataluma mlomo.

Chinali chaka chachiwiri cha sukulu zaulere, ine ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi. Zinayambira pa ukwati wina ku Mlangeni. Ana tinkadya mopikisana kuseri kwa tchalitchi, ndipo kafupa ka nkhuku kanandiima pakhosi. Ndinayesa kukuwa, mawu osatuluka. Ndinaona mitengo ya bulugama ikuda, miyendo ya anthu ikuthamanga uku ndi uku. Mayi wina anandimenya pamsana mpaka kafupako kanagwera m'fumbi. Anthu anaseka, nyimbo zinapitirira, nkhani nkuthera pomwepo. Kwa ine mpamene inayambira.

Kuyambira tsiku limenelo, chilichonse chofuna kutafuna chikafika kumapeto kwa lilime, khosi langa linkatsekeka lokha. Thukuta linkatuluka m'manja, mtima nkumagunda m'makutu. Ndinayamba ndi kukana nyama, kenako nyemba, kenako chimanga chootcha, mpaka nsima imene. Chinatsala ndi tiyi ndi mbatata ya kachewere yophika, imene ndinkaikanya ndi supuni nkuthirako madzi mpaka isanduke phala. Ngakhale imeneyo, masupuni asanu ankanditengera nthawi yoti ena onse adye, atsuke mbale, mbale ziume.

Pakhomo pathu panali kale mwana wosankha zakudya, mlongo wanga wamng'ono. Iye ankadana ndi therere ndi chisoso, ndipo akaziona ankapinda manja nkutembenukira kukhoma. Amayi anali ndi mankhwala ake: "Musiyeni, njala ikamuluma adya." Ndipo ankadyadi. Dzuwa likapendeka ankapezeka kukhitchini akukomba mpoto, masaya ali phwii. Choncho amayi anaganiza kuti matenda athu ndi amodzi. Sindiwaimba mlandu. Mayi amene anakulira m'nyumba yoti chakudya sichitsala angadziwe bwanji kuti mwana angathe kukhala ndi njala, mbale ili patsogolo pake, koma nkulephera?

Azimayi a kumpingo ankati ndi matama. Ena ankanong'ona kuti ndinadyetsedwa kanthu ku ukwati kuja. Amayi anayesa kundinyengerera, anayesa kundikalipira, tsiku lina anathyola kamtengo ka pichesi nkundikwapula nako. Pamapeto pake anachotsa mbatata ija nkunena kuti ndidya chimene onse akudya. Ndinakhala masiku awiri ndi madzi okha. Njala inalipo, inkandipotokola m'mimba ngati munthu akufinya chovala, koma mantha anali aakulu kuiposa.

Tsiku lachitatu ndinagwa kusukulu. Tinkaphunzirira pansi pa mtengo, mphepo ya Juni ikulowa m'malaya, ndipo nditaimirira kuti ndiyankhe funso la masamu, bolodi linazungulira. Ndinatsitsimuka ndili pa kaliyala wa njinga ya aphunzitsi, atandimangirira kumsana kwawo ndi chitenje chobwereka, amayi, amene anali ataitanidwa kunyumba, akuthamanga pambuyo opanda nsapato.

Adokotala a pachipatala chathu chaching'ono anandiunika kukhosi ndi tochi, anandigwira m'mimba, anandikweza pasikelo. Sanapeze chotupa kapena bala. Kenako anakhala pa benchi pafupi nane nkundifunsa chimene palibe anali atandifunsapo: "Ukafuna kumeza, umaona ngati chichitike nchiyani?" Ndinayankha kuti ndifa. Amayi anagwira pakamwa.

Mawu amene adokotala anauza amayi ndinawamva akubwerezedwa kunyumba kambirimbiri, nchifukwa chake ndimawakumbukira. "Mayi, mwana wosankha amakana ichi nkudya icho, ndipo amakula. Uyu zakudya zake zikuchepera chepera, thupi likutha, njala siikumugonjetsa. Awa ndi matenda, si mwano ayi. Mkwapulo uwonjezera mantha." Anati mbatata ija ibwerere, azithiramo nsinjiro ndi mafuta pang'ono, ndizimwa phala la soya ndi mkaka kangapo pa tsiku, ndipo Lachisanu lililonse ndizipita kusikelo. Za kutafuna anati tiyambe ndi kakang'ono kwambiri, pa nthawi yake, popanda gulu loonerera.

Ntchito imeneyo anaitenga ndi amalume, achimwene awo a amayi, amene anagwira ntchito kumigodi zaka zambiri nkubwerako ndi chifuwa ndi zala zitatu zokha kudzanja lamanzere. Sankayankhulayankhula. Masana ndikaweruka ankanditengera kudimba, tinkakhala pamzere wa kabichi, iwo nkutulutsa mbatata yophika m'thumba la jekete. Ankadula kachidutswa kofanana ndi njere ya mapira nkukaika pa tsamba. Tsiku loyamba ndinangokayang'ana. Lachiwiri ndinakaika pa lilime nkulavula. Amalume anangoti, "Chabwino, mawa," nkupitiriza kuthirira.

Kamodzi kokha anandiuza za iwo eni. Anati mwala utawagwera pansi pa mgodi, anachira bwinobwino, koma atabwerera kuntchito miyendo inakana kulowa m'chikepe chotsikira pansi. "Tsiku loyamba ndinangoima pakhomo pake. Lachiwiri ndinaponda phazi limodzi. Mantha sathamangitsidwa, mphwanga, amazolowetsedwa."

Kanjere ka mapira kanasanduka njere ya chimanga, ya chimanga nkusanduka nyemba. Ndinameza koyamba Lachiwiri lina, ndili ndi kapu ya madzi m'manja, maso ali dwii pa phiri. Ndinadikira kuti ndife. Mbalame zinapitiriza kulira, madzi ankayendabe mu ngalande. Sizinayende molunjika ayi. Sabata ina ndinakhosomola ndi kachidutswa ka nthochi nkubwerera ku phala masiku anayi, ndipo Lachisanu limenelo muvi wa sikelo sunasunthe. Amayi sanakalipe. Ankandiikira kambale kanga pamphasa pamodzi ndi onse nkumacheza za mbewu, ngati sakundiona, ngakhale tsopano ndikudziwa kuti ankawerenga kumeza kwanga kulikonse ndi ngodya ya diso. Dzira lophika linalowa mu Ogasiti. Nsima inabwerera mu Seputembala, mbamu yaing'ono ngati chala, yoviikidwa kwambiri mu msuzi.

Mu Okutobala tinapita ku Lizulu kukagulitsa kabichi, ine, amayi ndi amalume. Kunkatentha, malole ataima m'mbali mwa msewu, anthu akuoloka kupita mbali ya Mozambiki ndi kubwerako ngati akuyenda pabwalo la kwawo. Fungo la chiwaya linandipeza: mafuta, anyezi, nyama ya mbuzi ikupsa. M'kamwa mwanga munadzaza malovu, ndipo ndinadzimva ndikunena kuti, "Amayi, ndikufuna kanyenya."

Amayi anayang'anana ndi amalume. Amalume anapita nkubwera ndi tchipisi ndi tinthuli tinayi pa pepala. Ndinatola kamodzi, kotentha, kamchere ndi tsabola. Ndinatafuna nthawi yaitali, khosi likuyesa kutsekeka monga kale, koma ndinapuma monga tinkachitira kudimba, nkumeza. Kanatsika. Ndinatola kachiwiri.

Amalume anavula chipewa nkuseka mpaka chifuwa chinawagwira. Amayi anaimirira, anapita okha pachiwaya paja, nagula mbale ina yodzaza. Ndinkayesa ndi yanga. Koma anaipereka kwa mayi wina wa ku Mozambiki amene ankagulitsa tomato pafupi nafe, munthu amene sitinkamudziwa ndi dzina lomwe. "Idyani nafe, mayi," anatero. "Mwana wanga wadya."

Mayiyo analandira ndi manja awiri, osafunsa chilichonse. Ine ndinakwiya. Amene ndinagonjetsa nyama ndinali ine, nanga mphoto ikupitiranji kwa mlendo? Ndinakhala pa thumba la kabichi nditatupa masaya, ndikunyambita mchere kuzala. Sindinkadziwa kuti amayi anasenza mantha aja okha miyezi isanu osauza munthu, ndipo kuti chimwemwe chitabwera, chinawalemera kwambiri moti sakanatha kuchisenza okha.