Chingwe cha Mphira

Linali Lachitatu, mu Juni wa 1996, nthawi itangokwana 9 koloko m'mawa, pamene ndinatsamiritsa njinga yanga pakhoma la tchalitchi chathu kufupi ndi Palabana. Ndinali kuchokera kokasiya mkaka kwa ogula. Mkati mwa sabata tchalitchicho chinkasanduka nasale, sukulu ya tiana, ndipo mwana wanga womaliza, mtsikana wa zaka zisanu, ankaphunzira m'menemo.

Ndinapita chifukwa cha dzanja lake. Mwanayu anabadwa wamanzere. Asanayambe sukulu ankajambula ng'ombe zanga pansi ndi kamtengo, iliyonse ndi nyanga zake, moti umadziwa kuti iyi ndi iti. Atayamba sukulu analeka. Dzanja lamanzere ankalibisa m'diresi, ndipo pamkono panali mzere wakuda wozungulira ngati chibangili. Amayi ake anati n'zamasewera.

Aphunzitsi, mayi wachitsikana wa m'kwaya yathu, anandilandira mwaulemu nandikhazika pa benchi kumbuyo. M'chipindamo munkanunkha fumbi ndi mkodzo. Ana anaimba zilembo, nawerenga mpaka khumi mofuula ngati akuthamangitsa akhwangwala m'munda. Kenaka aphunzitsi anatuluka kukaona phala.

"Sewelani bwino, osamenyana," anatero ali pakhomo. "Tili na alendo."

Ana anandiiwala msanga. Ena anayamba kukankha njerwa, akuti ndi minibasi, wina akukuwa, "Tauni! Tauni!" Atsikana anayamba zasukulu. Wina wonenepa, woguluka mano akutsogolo, anadzipanga mphunzitsi. Anatola kandodo, nagwira m'chiuno, mawu n'kukhala enieni a aphunzitsi awo.

"Iwe, lemba! Iwe, pukuta mamina, nyansi! Iwe wamanzele, bwela kuno."

Mwana wanga anapita. Sanalire, sanakane. Anatembenuka yekha, naika dzanja lamanzere kumbuyo, ngati ng'ombe yozolowera kumangidwa miyendo pokamidwa. Wonenepa uja anakwera pampando, nachotsa chingwe cha mphira pamsomali wa pafupi ndi bolodi. Anamangirira dzanjalo ku lamba wa diresi. Mfundo yake inali ya munthu amene waonerera kambirimbiri.

"Ili ni dzanja la chani?"

"La kuchimbuzi!" onse pamodzi.

"Timalembela?"

"Ayi, ba ticha!"

"Timadyela?"

"Ayi, ba ticha!"

Mwana wanga ankayankha nawo, mokweza kuposa anzake.

Ine ndalowetsapo mkono wonse m'ng'ombe yolephera kubereka, osachita nseru. Koma tsiku limenelo ndinayang'ana kumbali.

Aphunzitsi analowa akupukuta manja pachitenje. Ataona zimenezo anaseka.

"Aa, imwe bana! Mwanilanda nchito?" Kenaka anatembenukira kwa ine. "Mwaona, ba tate? Mwana wanu achita bwino maningi. Manje agwila choko na kumanja."

"Mumamumanga masiku onse?"

"Pa nthawi yolemba chabe. Na ya phala."

"Anakuuzani ndani?"

Anandiyang'ana modabwa, ndipo kudabwa kwake sikunali kwachinyengo.

"Si ndimwe, ba tate? Tsiku lolembetsa munakamba kuti, 'Uyu ni wamanzele, mumuwongole.' Na mphila iyi munanipasa ndimwe."

Ndinachiyang'ana chingwecho. Chinali chodulidwa ku chubu chakale cha njinga yanga, chofanana ndi zomwe ndimamangira zigubu za mkaka. Aphunzitsiwo anandipempha mu Januwale, ine n'kumayesa n'chomangira tsache. Mawu ajanso ndinawanenadi. Ndinawanena mopepuka, maso ali papepala, monga momwe kholo limanenera kuti mwana wake sadya therere.

Nanenso ndinabadwa wamanzere. Kwathu kum'mawa anandimanga ndi luzi mpaka ndinawongoka, ndipo ku sekondale ankayamikira kalembedwe kanga. Nkhaniyi ndinkaifotokoza monyadira. Kungoti ndinali ndisanaionepo ndili pambali, ikuchitika kwa wina.

Ndinamumasula mwanayo, chingwe n'kuika m'thumba. Dzanja linakhalabe kumbuyo, ngati likadali lomangidwa. Sindinakalipe. Ndikanakalipira ndani? Ndinamukweza panjinga phala asanadye. Tili panjira anandikoka malaya.

"Atate, ba ticha azakalipa. Mwatenga chingwe changa."

Changa. Ndinapalasa mpaka kunyumba.

Masana amenewo ndinawafotokozera amayi ake, iwo akupeta nyemba pakhonde. Sanaleke kupeta.

"Inu simunafe nacho chingwe," anatero. "Akadzakula n'kumapatsira apongozi madzi ndi lamanzere, manyazi adzakhala a ndani?"

"Anga."

"Mukunena lero."

"Kupereka madzi ndi kumanja tidzamuphunzitsa ndi pakamwa. Si ng'ombe."

Anandiyang'ana, napitiriza kupeta.

M'mawa mwake ndinakama monga mwa masiku onse, koma zigubu ndinapatsira mnansi wanga kuti akandisiyire. Ndinamukweza mwanayo panjinga. Titafika sindinapite kumbuyo. Ndinakhala pansi pakati pa tianato, miyendo yanga yaitali ikusowa kolowera.

"Ba ticha," ndinatero ana onse akumva, "mawu aja ndawabweza. Wolakwa ndine. Uyu asamangidwenso."

Ndinapempha choko ndi sileti. Ndinagwira ndi lamanzere, koyamba pa zaka zoposa makumi atatu, n'kulemba A. Anatuluka wopindika ngati khola logwa ndi mphepo. Ana anafa nacho chiseko.

"Dzanja la kuchimbuzi!" anakuwa wonenepa uja.

"Ee," ndinamuyankha, "koma nalo lilemba."

Ndinaika chokocho pansi patsogolo pa mwana wanga, pakati penipeni. Mwanayo anayang'ana aphunzitsi. Anayang'ana pamsomali, pomwe panalibe kanthu. Dzanja lamanja linayamba kupita, n'kuima. Patapita nthawi lamanzere linatuluka m'diresi pang'onopang'ono. Sanalembe A. Anajambula nyanga.

Ndinakhala pansi pomwepo mpaka nthawi ya phala, kuti ndione dzanja limene adzagwirire supuni.