Mowa wa Mpunga wa Asewere Anga

Loweruka lija ndinanyamuka kwathu ku Highfields, mumzinda wa Leicester ku Mangalande, naini koloko, nditavala suti ya kutchalitchi. Ndinkapita ku Derby kukaonana ndi bambo Mori, Mjapani amene mwana wake Kenji akufuna kukwatira mwana wanga Tadala. Mayi a Tadala anali pa shifiti kuchipatala, ndiye ulendo unagwera ine ndekha. Tadala anali atandichenjeza pafoni: "Adadi, bamboyo salankhulalankhula, ndipo za ukwatiwu sananenepo kanthu. Akakupatsani sake, mowa wa mpunga wa kwawo, musakane chonde."

Kusiteshoni ya Leicester ndinapita wapansi. Tikiti yopita ndi kubwera inali mapaundi khumi ndi anayi. M'sitima ndinakhala moyang'anizana ndi mayi wina wa ku Zambia, wosamalira okalamba, akuchokera kuntchito.

"Mwatchena, atate. Muyenda ku ukwati?"

"Ayi, kwa asewere. Ndi Ajapani."

"Mwawanyamulira chani?"

Ndinamuonetsa kathumba ka mpunga wa kilombero. Anaseka mpaka tinadutsa Loughborough. "Mpunga kwa Mjapani! Simuopa?" Kunena zoona, mantha anandigwira pomwepo.

Ku Derby ndinafika hafu teni, n'kukwera basi yodutsa ku Normanton. Kenji anandichingamira pamalo otsikira. Pakhomo anandivulitsa nsapato, ndipo chala changa chachikulu chinasuzumira pa sokosi. Bambo Mori, munthu wamfupi waimvi, anawerama. Nane ndinawerama. Kenako tinakhala pansi.

Nditasowa chonena, ndinapereka kathumba kaja ndi manja awiri. Anamasula, n'kununkhiza, n'kununkhizanso. Anatapa njere zingapo n'kuziunika pawindo.

"Umamera m'madzi otani?" anafunsa m'Chingerezi.

Ndinamuuza za madambo a ku Karonga. Munthu uja anadzuka ngati wamva kuitana, n'kubwera ndi mabotolo atatu a sake, timakapu tating'ono ngati tomwera mankhwala, ndi nsomba yootcha yamchere.

Botolo loyamba linali la ku Niigata, kwawo, kumene ati chipale chofewa chimakwirira nyumba. Linatsika pakhosi mopepuka ngati madzi a pachitsime. Lachiwiri, la ku Nada, linali lolusa. "Madzi a kumeneko ngolimba," anatero, akumenya pachifuwa. Lachitatu, la ku Fushimi, linali lofatsa, lotsekemera pang'ono. Munthu amene ankati salankhula anafotokoza za mitsinje ndi mpunga ola lathunthu, Kenji atangoti kukamwa yasa.

Nditatambasula dzanja kuti ndidzithirire, bambo Mori anagwira botolo.

"Kwathu munthu sadzithirira yekha. Ine ndithirira inu, inu muthirire ine."

Ndinamuthirira. Anayang'ana kapuyo nthawi yaitali.

"Chimwalirireni mkazi wanga, mabotolowa sindinatsegule," anatero. "Panalibe wondithirira. Tadala ndi mwana wabwino. Tikambe za tsiku."

Folo koloko ndinali m'sitima yobwerera, makutu akutentha, botolo la ku Fushimi lili pamiyendo, mphatso yopita kwa mayi a Tadala. Ndinkaganiza kuti ndinapita kukayesedwa mayeso, osadziwa kuti mnzanga naye anagona ndi mantha omwewo. Tili pa Long Eaton foni inalira.

"Adadi, zayenda bwanji?"

"Uzani amayi anu asoketse diresi," ndinatero.