Madzi Achikasu Amene Ankataya

Kulabotale ankamutcha Mtondo, chifukwa kwa zaka makumi awiri ntchito yake inali kusinja mizu. Muzu wake unali umodzimodzi, wa kachitsamba ka maluwa oyera kamene ankakakumba yekha kuseri kwa phiri. Akasinja ankaviika m'mabotolo, n'kusefa. Mabwana ankafuna chowawa chokha, chimene ankachitcha alukaloidi. Madzi achikasu otsalawo, osawawa n'komwe, ankamuuza kuti azithira m'sinki. Nayenso sankaonapo vuto. Mankhwala osawawa ndi mankhwala ngati?

Kunyumba mkazi wake anali ndi chilonda pamwendo, chaka chachitatu tsopano. Jakisoni analephera, mapilitsi analephera. Mtondo anafika poba kabotolo ka chowawa chija n'kukamupaka. Mayiyo analira ngati mwana, chilonda n'kumangonyeka.

Ndiye kunabwera wofufuza watsopano, mtsikana wa magalasi, nkhutukumve weniweni. Anakaniza kutaya madzi achikasu aja. Anawadontheza m'timbale mmene ankaweteramo tizilombo ta m'zilonda, ndipo patapita masiku awiri anaitana Mtondo.

"Bambo, tadzaonani! Pamene padontha madziwa tizilombo tafa. Muli zinthu zina m'menemu zimene si alukaloidi. Mwinanso zimaphwetsa zotupa."

Mtondo anakhala pansi. Kalanga ine, migolo ingati imene anakhuthula ndi manja ake omwewa?

"Ndigawireniko, mayi. Akunyumba aja, achipatala akuti adzawadula mwendo."

"Pepani bambo, izi n'za m'mbale chabe. Pamunthu sitinayese, zidzatenga zaka. Komanso madziwa atsala ochepa zedi. Tandipezerani thumba la mizu."

Loweruka Mtondo analawirira kuphiri ndi khasu, akuti akaviike yekha kunyumba, zaka zimenezo adikire ndi ena. Kuphiri kwake kuti! Anapeza nyumba zokhazokha ndi anthu ophwanya miyala. Pamene panatsala tchire panalibe ngakhale tsamba limodzi. Mizuyo anaimaliza yekha, chaka ndi chaka, osasiyako yambewu. Anakumba mpaka manja anachita matuza, n'kubwerera chimanjamanja.

Mkazi wake anamva khasu likugwa pakhonde, koma sanafunse. Mtondo anagwidwa ndi chisoni ndi manyazi, anasowa poyang'ana.

"Kuchipatala ati Lachinayi," anatero mayiyo, akuingitsa ntchentche pabandeji. "Bambo a mwana, nsapato zanga zatsopano zija mukawapatse achemwali. Mukapereke zonse ziwiri."