Kukwezedwa kwa Ritchel

Ritchel Sumagaysay anabadwira ku Pototan, m'nyumba yomweyo imene akugwiriramo ntchito lero. Bambo ake ankalima mpunga m'munda wa eni. Atamwalira, mkulu wake wa Ritchel, Susing, ndiye anaphika zakudya zogulitsa pamsika mpaka Ritchel anamaliza koleji. Anaphunzira zauphunzitsi, koma choko sanachigwirepo. Chingerezi chake chinali chosalala, choncho anakalowa ntchito yoyankha mafoni mumzinda wa Iloilo. Matenda a korona atatseketsa maofesi, anabwerera kwawo atanyamula kompyuta m'katoni. Maofesi anadzatsegulidwanso, koma iye sanabwerere.

Anapeza ntchito kukampani ina ya ku Australia yotumiza amisiri okonza mapaipi a madzi. Chimbudzi chikatsekeka ku Brisbane, mwini wake ankaimba foni, ndipo foniyo inkalira m'chipinda chapamwamba kwa Nanay Perla, mayi ake a Ritchel. Makoma a chipindacho anawamata mathireyi a mazira kuti atambala a aneba asamamveke. Ankamvekabe. Makasitomala ena ankafunsa ngati akuyankhula ndi munthu wa kufamu, iye n'kuseka kaseko kake ka pantchito.

Chaka choyamba anali ndi moto. Ankadzuka m'mamawa, kusamba, kuvala bulauzi yosita ndi nsapato, n'kukwera masitepe ngati munthu wopita kuofesi.

"Abwana, lero mwachedwatu," ankatero Susing akusenda adyo pansi pa masitepewo. "Basi yanu inaphulika tayala?"

"Pamasitepe pali mdipiti wa magalimoto, Manang," ankayankha Ritchel, pomutchula dzina laulemu loitanira mkulu wako.

Nsapato ndizo zinayamba kutsala pansi. Kenako inatsala siketi. Pofika chaka chachitatu ankavala bulauzi pamwamba, kunsi kabudula wogonera, poti kamera imalekezera m'mapewa. Mpunga ankadyera patebulo lomwelo. Lachiwiri ndi Lachinayi sankazisiyanitsanso.

"Inday, katuluke uwombedwe dzuwa," ankatero mayi ake, pomutchula dzina la pakhomo. "Wayezuka ngati mbewu yomera pansi pa bedi."

"Ndikamaliza, Nay."

Sankamaliza. Akaweruka ankatsegula maphunziro a pa intaneti: kuyang'anira anthu, kukonza ndondomeko ya ntchito, kuyankhula ndi kasitomala wokwiya. Masatifiketi anachuluka. Sikuti panali chimene ankachilakalaka kwenikweni. Ankangoona kuti munthu ukaima, ena amakudutsa. Lolemba lililonse bwana wawo, a Craig, ankasonkhanitsa gulu lonse pa vidiyo n'kuuza aliyense kuti atchule chinthu chimene akuthokoza sabata imeneyo. Ritchel ankati khofi. Anzake ankaseka poganiza kuti ndi nthabwala.

M'gululo munali Jonabel, mayi wa ana atatu wa ku Kabankalan, kutsidya kwa nyanja. Iye ndi Ritchel anali asanaonanepo maso ndi maso, koma ankalemberana tsiku lonse foni ikangoti zii.

"Chel, uli moyo? Tayasamula ndimve."

"Ndilipo, Bel."

"Kasitomala wanga wa lero akuti paipi yake ndaphulitsa ndine. Ndamuuza kuti pepani bambo, mkono wanga ndi wautali zedi."

Jonabel yekha ndiye ankamuseketsa kuseka kwenikweni, kotulutsa khofi m'mphuno.

M'chaka chachinayi, tsiku lina m'mawa, a Craig anamuitana payekha n'kumuuza kuti amusankha kukhala woyang'anira gulu. Ritchel anathokoza ndi mawu onse oyenera. Atatseka kamera anakhala phee, manja ali pamiyendo, kudikira chimwemwe. Kunja munthu ankayanika mpunga pamsewu. Atadikira kanthawi anatsika kukauza mayi ake.

Nanay Perla anapha nkhuku, anaitana aneba. Susing anabweretsa pansiti, chakudya chonga supageti, wodzadza beseni, n'kumauza aliyense kuti mng'ono wake tsopano akulamula azungu. Ritchel anadya, anajambulitsa, anamwetulira pamene pankafunika kutero.

Sipanathe mwezi, a Craig anamuitananso. Kampani inagula makina oyankha okha mafoni, ndipo theka la gulu silinkafunikanso. Woyenera kuwauza anali Ritchel, poti ndiye woyang'anira. A Craig anatchula mayina mmodzimmodzi. La Jonabel linali lachitatu.

"Jonabel ndi amene makasitomala amamukonda kwambiri, bwana," anatero Ritchel.

"Ndikudziwa. Sindine ndasankha."

Ritchel sanapitirize kutsutsa. A Craig anamutumizira mawu oti akanene, iye anawaloweza monga ankalowezera maphunziro ake.

Jonabel anatulukira pa vidiyo tsitsi lili lonyowa, kumbuyo kwake kuli zovala pachingwe.

"Abwana afika. Lero mpaka ndolo? Ndalakwanji ine kapolo wanu?"

Ritchel anayamba kuyankhula. Mawu ankatuluka osalala, osagwedera, mwandondomeko: kusintha kwa kampani, kuthokoza chifukwa cha khama, tsiku lomaliza. Ankadzimva yekha ngati akumvera wailesi ya kwa aneba. Jonabel anamvetsera mpaka pamapeto.

"Chel," anatero, "ukundiyankhula ngati chimbudzi changa chatsekeka."

Kenako Jonabel anawonjezera kuti:

"Chabwino. Ndamva." Vidiyo inazima.

Panatsala anthu ena awiri, ndipo anawauza chimodzimodzi. Kenako anatsika, anapakula mpunga ndi nsomba youma, anadya mpaka mbale kuyera. Potsuka mbaleyo ndi pomwe anazindikira kuti chakudya chinadutsa bwinobwino pakhosi.

Loweruka anakwera boti kupita ku Bacolod, n'kukwera basi ya ku Kabankalan yodutsa m'minda ya nzimbe. Sanauze Jonabel kuti akubwera, ndipo akanafunsidwa chimene akukachita, sakanayankha. Nyumba anaipeza pofunsa kwa wogulitsa makala. Jonabel anali wamfupi kuposa momwe Ritchel ankaganizira, ndipo ankatsimphina mwendo wamanzere, zimene kamera sinaonetsepo zaka zonsezo.

Jonabel anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Wabwera kudzandichotsanso panyumba pano?"

"Ndangobwera."

"Ndiwe wamtali iwe. Lowa, usagunde mutu."

Anakhala m'khichini. Jonabel anawotcha nsomba, anathira viniga ndi tsabola m'kambale. Kompyuta yake inali pakona, atayiphimba ndi thaulo.

"Bel, sindinamve kanthu," anatero Ritchel. "Ndinkayesa ndilira. Ndinangotsika kukadya."

"Usavutike, ine ndinalira za tonse awiri." Jonabel anatembenuza nsomba. "Koma iwe suli bwino. Pita kuchipatala, kaya kutchalitchi, kaya upeze mwamuna wopanda mano, chilichonse choti chikutulutse m'chipinda chija."

"Ndikhululukire."

"Sindinakukhululukire ayi. Mwina Khirisimasi. Idya, nsomba ikuzizira."

Anadya. Jonabel anamufotokozera za kasitomala wina amene ankaimba sabata iliyonse popanda chowonongeka, kungofuna munthu wocheza naye, n'kufunsa ngati makina aja adzamupirira. Ritchel anati sakudziwa. Masana Jonabel anamuperekeza pokwerera basi, pang'onopang'ono chifukwa cha mwendo, ndipo anatsanzikana osakumbatirana.

Patapita miyezi, Jonabel anapeza ntchito ina yolembera odwala mano nthawi yoonana ndi dokotala. Amalemberanabe, koma mwa apo ndi apo, ndipo nthabwala zake zinafupika.

Ritchel akadali woyang'anira. Masiku ano ntchito yake yaikulu ndi kumvetsera momwe makina aja akuyankhira anthu n'kuwakonza pomwe alakwitsa. A Craig akuti akapitiriza chonchi, chaka chamawa akwezedwanso, ndipo iye walembetsa kale maphunziro ena. Chimene chinasintha n'chochepa. Ntchito ikatha masana, dzuwa likadali lamphamvu, amatseka kompyuta n'kuyenda wapansi mpaka kumsika. Amakhala pabenchi kuseri kwa mapoto a Susing, kudula anyezi ndi kupukuta mbale, phokoso la msika likumudutsa mbali zonse. Susing amadandaula kuti amadula mochedwa ndiponso mokhuthala. Ngati zikumuthandiza, Ritchel sakudziwa.

Tsiku lina akuchokera kumsikako anapeza mayi ake pakhonde akupeta mpunga.

"Inday, ntchito yakoyi ukusangalala nayo?"

Anaima, anaganiza mofatsa, pofuna kuwayankha zoona.

"Ilipo, Nay," anatero.

Mayi ake anamuyang'ana pang'ono, n'kusendera kuti akhale nawo pabenchi. Anakhala, ndipo anayamba kutola timiyala mumpungamo.