Tsiku Limene Nyanja Inadya Chakudya cha Alendo

Madzi anali atafika m'mawondo, mayi wamasiye akuthamangitsa chivundikiro cha poto. Mphasa zinali zitapita, mbale zitapita, nsapato za alendo zikuyandama iliyonse njira yake. Alendowo anaima pamwala, akungomuyang'ana kukamwa kuli yasa.

Inu amene mukuti moyo wakukanikani, tamvani za mayi ameneyu. Iye anakulira kumtunda, kumene madzi ukawasiya apa mawa umawapeza pomwepo. Mwamuna wake anamwalira atangogula nyumba pafupi ndi nyanja yamchere, asanagonemo n'komwe. Mayiyo anasamukiramo ndi ana ake awiri, naganiza zomalandira alendo obwera kutchuthi nyengo yotentha. Alendo oyamba anawayalira chakudya pamchenga wosalala pafupi penipeni ndi madzi, n'kupita nawo kokayenda. Sankadziwa kuti nyanja imeneyi imachoka n'kubwereranso.

M'mawa mwake alendo ananyamuka osamwa ndi tiyi yemwe. Anthu a mumsewumo anamupatsa dzina loti Mayi Mafunde. Kenako kunabwera mlamu wake, mkulu wa malemu.

"Mlamu, ntchito iyi si yanu," anatero. "Sukulu zikatsegulidwa zinthu zili chonchi, nyumba tigulitsa. Inu ndi ana mubwerere kwanu."

Mantha anamugwira mayiyo. Akamva galimoto pageti ankangoti abwera ogula nyumba. Komabe sanapinde manja. M'mamawa ankapita kukazika timitengo pamchenga kuti aone pamene madzi amalekezera. Ankafunsanso amayi ogulitsa nsomba, ngakhale ankayamba amuseka kaye, poti safunsa anadya phula. Pang'onopang'ono anaphunzira kuti nthawi yodzaza madzi imasuntha tsiku ndi tsiku, ndiponso kuti mwezi ukakhala wathunthu madziwo amakwera kwambiri.

Koma alendo kunalibe. Ankachapa nsalu zapabedi zimene palibe anagonapo, n'kuziyalanso.

Sabata yomaliza ya tchuthi kunafika dalaivala wa basi, mkazi wake ndi ana atatu. Tsiku lomwelo mlamu nayenso anatulukira, nakhala pakhonde akuyang'ana denga ngati munthu woyesa mbuzi pamsika.

Masana ana a dalaivalayo anatuluka atavala kale zosambira. Mayi uja anadziwa kuti madzi adzaza mpaka m'miyala. Anapita kwa bambo wawo.

"Pepani bambo, panopa mchenga kulibe. Tidikire dzuwa lipendeke."

"Mayi, ife tabwerera nyanja, osati khonde," anayankha dalaivala, akuseweretsa makiyi a galimoto.

Ana anayamba kulira. Mlamu anatsokomola. Mayiyo anadula chivwende, napatsa ana zitini zakale ndi waya kuti apange tindowa. Mumtima ankangodzifunsa. Bwanji ngati walakwitsanso? Bwanji akakapeza madzi ali pomwepo, iye ataimitsa anthu tsiku lonse?

Dzuwa litapendeka anawatsogolera. Atazungulira mwala womaliza anapumira m'mwamba. Nyanja inali itabwerera kutali, itasiya timadziwe todzaza nkhanu, tinsomba ndi zigoba zamitundumitundu. Ana anathamanga akukuwa. Dalaivala uja, munthu wamkulu ndi mimba yake, anapinda thalauza nayamba kulimbana ndi nkhanu yomwe inamuluma chala. Mayiyo sanakhale pansi. Maso ake anali pamadzi, ndipo atangoona kuti ayamba kubwerera anaomba m'manja, onse n'kukwera kumtunda.

Banjalo linaonjezera masiku. Pochoka, mkazi wa dalaivala anamugwira dzanja nati, "Chaka chamawa musapereke chipinda chathuchi kwa wina. Tibweranso ndi achemwali anga."

Galimoto itapita, mlamu anatsala pageti akukanda kumutu. Mayiyo anadikira chiweruzo.

"Mlamu," mkuluyo anayamba motsitsa mawu, "apongozi anga akubwera mwezi wamawa. Kwathu n'kothina, ndipo akufuna kuona nyanja. Chipinda chakumbuyo chija mungatisungire?"

Mayiyo anangoti, "Abwere." Atalowa m'nyumba anakumbatira ana ake nalira, misozi yachimwemwe.

Mwina inunso anthu anakusekani pa tsiku lanu loyamba. Kulakwa koyamba si mapeto anu. Bwererani pomwe munagwerapo, funsani, yang'anitsitsani, pajatu kuona maso a nkhono n'kudekha. Musataye mtima msanga.