Tsiku Lomwe Sindinagwetse Ndodo

Fungo la nsungwi yaiwisi ikamawauka pamoto limandibwezabe ku Ntengo-Wambalame, m'chisanu cha chaka chomwe tinathawa nkhondo. Nsungwi ikatentha imatuluka thukuta, imalira pang'ono, ndipo fungo lake limafanana ndi la chimanga chachiwisi chootcha. Tinkaziwaula kuseri kwa shikola yathu kuti ziwongoke, atsikana khumi ndi asanu ndi mmodzi titazungulira moto, mapazi atachita ming'alu, milomo itasweka ndi mphepo ya m'mapiri. M'madimba anthu anali kukumba kachewere, ndipo m'mawa uliwonse nkhungu inkakhala pabwalo la shikola mpaka dzuwa litakwera. Aliyense wa ife anali ndi ndodo yake, yotalika kuchokera pansi kufika pachifuwa, ndipo yanga ndinaidinda timizere titatu ndi msomali wamoto kuti isasinthane ndi ya wina. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi.

Amene anabweretsa zonsezi anali mphunzitsi wathu, apurofesora Felisimina. Kwawo kunali ku Furancungo, uko ku Macanga, ndipo boma linawatumiza kwathu asanakwatiwe n'komwe. Anali aafupi, a mawu aakulu kuposa thupi lawo, ndipo m'khosi mwawo munkalendewera apitu, kachitsulo koimba mluzu, komangidwa pachingwe cha khonje. Anali ndi buku lachipwitikizi lakalekale, lopanda chikuto, lomwe anapatsidwa ndi masisitere amene anawaphunzitsa. M'bukumo munali zithunzi zachikasu za akazi achizungu ovala zazitali, ataima m'mizere, aliyense atakweza ndodo pamwamba pa mutu. Anatiuza kuti zithunzizo zinajambulidwa amayi awo asanabadwe, nthawi imene akazi ankapikisana m'magulu, ndipo oweruza ankayang'ana ngati gulu lonse likuyenda ngati munthu mmodzi. Masewerawo dzina lake jinasitika. Ife tinkaseka zovala za akaziwo, koma mumtima aliyense ankafuna kuima chowongoka ngati iwo.

Uthenga unali utabwera kuchokera ku Tsangano kuti kumapeto kwa chisanu mashikola onse apikisana pabwalo la boma, ndipo gulu lililonse libwere ndi masewera ake. Sindikudziwa amene anaganiza za mpikisano m'chaka chotero. Misewu inali itayamba kale kutsekeka, ndipo anthu a m'tchire, monga tinkawatchulira chapansipansi, ankasaka aliyense wodya za boma. Mphunzitsi anali nyama yoyamba. Wa kushikola ya tsidya la mtsinje anali atamutenga dzinja lomwelo, osabwereranso, ndipo aphunzitsi athu awiri aamuna anali atawoloka kupita ku Malawi. Anatsala ndi apurofesora okha, ndi makalasi atatu, ndi buku lawo lija. Akuluakulu anawapempha kangapo kuti achoke, iwo ankangoyankha kuti achoka tikabwerako ku Tsangano.

Amayi anga sankawakonda masewerawo ngakhale pang'ono. Tsiku lina akusenda nyemba pakhonde anandiuza osandiyang'ana: "Ezelina, ndodo imeneyo izithera kushikola komweko. Ndipo munthu wachilendo akakufunsa za apurofesora, iwe sudziwa kanthu. Wamva?" Ndinavomera ndi mutu, monga ana amachitira, khutu lina likumvera zina.

Vuto langa linali lina. Ine ndinali wogwetsa ndodo. Anzanga ananditcha Manja a Therere, ndipo dzinalo linandimamatira moti ngakhale ana a m'kalasi yoyamba ankandiitana choncho. Apurofesora ankawerenga mwachipwitikizi, "Um, dois, três, quatro," ndipo pa um tinkakweza ndodo, pa dois tinkaiika paphewa, pa três tinkatembenuka, pa quatro tinkaiponya m'mwamba pang'ono n'kuiwakha ndi manja awiri. Pa quatro pomwepo yanga inkamveka pansi, kho! Gulu lonse linkaima, maso a anthu khumi ndi asanu akundilasa, ndipo tinkayambanso. "Ezelina, ndodo si njoka, igwire!" ankatero apurofesora. "Mmodzi akagwetsa, mwagwetsa nonse." Anandiika mumzere womaliza, pakona, pafupi ndi chulu, pamalo pomwe oweruza sakanandiona msanga. Ndinkalira pobwerera kunyumba, ndipo ndinkadana ndi Tereza, mnzanga wapamtima, chifukwa iye anali kutsogolo ndipo sankagwetsa.

Choncho ndinayamba kuba ndodo yanga yomwe. Ndinkaibisa m'mtolo wa nkhuni n'kupita nayo kudimba lathu kumunsi kwa phiri, kumene amayi ankandituma kukatola kachewere wotsala m'mizere. Kumeneko, pakati pa fungo la dothi lakuda ndi masamba ofota, ndinkadziwerengera ndekha mpaka zala zitachita dzanzi. Masana ena nditawakha ndodo kakhumi osagwetsa, ndinamva munthu akuomba m'manja. Anali bambo wovala malaya aatali, wonyamula thumba lopanda kanthu, ndipo anandiuza kuti akufuna ogulitsa kachewere. Anali ndi mawu ofatsa. Anandifunsa amene anandiphunzitsa zimenezo, ndipo ine, amene ndinali ndisanayamikiridwepo ndi aliyense chiyambire, ndinamuuza zonse. Ndinamuuza dzina la apurofesora, kuti tilipo khumi ndi asanu ndi mmodzi, kuti timaguba m'mawa uliwonse ndi apitu, ndiponso kuti tikupita kukaonetsa akuluakulu a boma ku Tsangano. Ndinamuonetsanso mmene timaikira ndodo paphewa. Anati ndine mwana wochenjera, n'kukwera phiri osafunsanso za kachewere. Amayi sindinawauze, chifukwa ndikanaulula za ndodo.

M'masabata omaliza apurofesora anayamba kutiyesa mwanjira ina. Anati ku Tsangano kudzakhala phokoso, ng'oma, anthu okuwa, ndipo mwina sitidzawamva. Ndiye ankati akayamba kuwerenga amasiya pakati, kapena amalumpha nambala dala, kapena amaimba apitu pamalo polakwika. Poyamba tinkasokonezeka ngati nkhuku zoona kabawi, wina kutembenukira uku, wina uko, ndodo zikugundana. Iwo ankatibweza. "Nambala zikhale m'mimba mwanu, osati m'kamwa mwanga. Ngakhale ine nditasokoneza, inu musasokonezeke." Pang'ono ndi pang'ono tinazolowera. Tinkamva mpweya wa mnzathu wapambali, tinkamva mapazi akugunda dothi limodzi, ndipo mawu awo anasanduka ngati mphepo chabe. Sabata yomweyo anandichotsa pachulu paja n'kundiika kutsogolo, pambali pa Tereza. Tsiku limenelo ndinayenda kupita kunyumba ngati mkwatibwi.

Anthu a m'tchire aja anabwera kutatsala masiku awiri kuti tinyamuke. Unali m'mawa, nkhungu itangoyamba kuyera, ife titaima kale m'mizere inayi. Anatulukira m'mabulugamu a kuseri kwa shikola, mwakachetechete, ena ovala nsanza, ena mabulangete, onse ndi mfuti. Ana a makalasi ena anathawira m'mapesi, koma ife tinangoti chilili, chifukwa tinali titaphunzira kusasuntha apitu isanalire. Pakati pawo ndinamuona bambo wa kudimba uja, thumba lake lili paphewa. Sanandiyang'ane. Ine ndodo inayamba kunditerera m'manja ndi thukuta.

Mkulu wawo anali wamtali, wa maso ofiira ndi utsi. Anaima pafupi ndi apurofesora n'kufunsa m'chinenero chathu chomwechi: "Ndinu amene mukuphunzitsa ana a anthu usilikali?"

"Ayi, bambo. Ndi masewera a ana. É só ginástica." Anatulutsa buku lija m'kapulana, nsalu yawo ya m'chiuno, n'kuwapatsa ndi manja awiri. Munthuyo anatsegula, nayang'ana akazi achizungu aja m'mizere yawo, ndodo zili paphewa, ndipo anakhala nthawi akuyang'ana.

"Achite tione," anatero.

Apurofesora anatembenukira kwa ife. Anatiyang'ana mmodzimmodzi, ndipo atafika pa ine maso awo anachedwa pang'ono. Ndinaganiza kuti akundipempha kuti lero lokha ndisawachititse manyazi. Anaimba apitu mofooka, n'kuyamba kuwerenga. Anati um, anati dois, kenaka analumphira ku quatro. Ife sitinagwedezeke, tinatembenuka pa três wathu wa m'mimba. Anathamangitsa nambala, anazichedwetsa, anaimba apitu pakati pa kuponya, anafika mpaka posiya kuwerenga n'kutsokomola. Ife tinapitirira. Ndodo khumi ndi zisanu ndi imodzi zinkakwera limodzi, zinkagwa paphewa ndi phokoso limodzi, mapazi ankagunda dothi lozizira kamodzi. Mantha anatimanga kukhala munthu mmodzi amene apurofesora anamufuna chisanu chonse. Ine ndinaponya ndi kuwakha, kuponya ndi kuwakha, kasanu ndi katatu, osagwetsa. Sitinachitepo bwino chotero, ndipo palibe woweruza wa ku Tsangano amene akanatimana chipambano.

Tinamaliza. Mkulu uja anatseka buku.

"Ana osewera sachita chonchi," anatero.

Anatilanda ndodo zonse n'kuziunjika pakhomo pa kalasi, pamodzi ndi buku, mabenchi ndi makaderno athu olembamo, n'kuyatsa. Nsungwi zinkaphulika m'moto, ndipo fungo lake linali lomwe lija. Ife sanatikhudze, anangotiuza kuti tipite kwa amayi athu ndipo tisadzapondenso pamenepo. Apurofesora anawavula apitu, n'kuwasenzetsa thumba la ufa lomwe anatenga m'nyumba mwawo. Pokwera phiri anaoneka aang'ono kwambiri pansi pa thumbalo, chovala chawo chaubweya chobiriwira chikuoneka ndi kubisika m'mitengo. Sanacheuke. Tereza anandigwira dzanja mpaka zikhadabo zake zinandilowa, koma palibe amene analira mpaka titafika m'mudzi.

Patapita masiku anayi tinawoloka malire, amayi atasenza mphika ndi mbewu ya nyemba, ine nditabereka mng'ono wanga. Mpikisano wa ku Tsangano sindikudziwa ngati unachitika. Za apurofesora tinamva zosiyanasiyana m'misasa ya othawa: wina anati anawaona akutunga madzi kumsasa wa m'tchire, wina anati sanafike n'komwe kuseri kwa phiri. Nkhondo itatha kunabwera mchimwene wawo kuchokera ku Furancungo, akuyenda mudzi ndi mudzi ndi kachithunzi kakang'ono. Anafika ndi pakhomo pathu. Ndinali mayi wa mwana mmodzi nthawi imeneyo, ndipo ndinamupatsa madzi, n'kumuuza za m'mawa uja. Za kudimba sindinamuuze. Amayi anga anamwalira osadziwa, ndipo Tereza, yemwe anakwatiwa ku Ntcheu, ndinamuuza chaka chatha chomwechi. Anangoti anthu aja ankaona bwalo lathu lonse ali paphiri, sanafunikire mwana wowauza. Mwina ndi zoona. Koma dzina la apurofesora analimva kwa ine.

Kwa zaka zambiri, ndili mwana kumsasa, ndinkadzitonthoza ndi chinthu chimodzi. Ndinkati apurofesora anasokoneza nambala chifukwa cha mantha, ndipo ife tinawabisira kulakwa kwawo pamaso pa adani. Ndinkati kaya ali kuti, akudziwa kuti Ezelina sanagwetse. Ndinkanyadira zimenezo, Mulungu andikhululukire. Ndinazindikira mochedwa, tsiku lina ndikuyang'ana ana anga akusewera pabwalo, akugundana, akugwa, akuseka. Munthu amene anaima kutsogolo kwa mfuti n'kupereka buku ndi manja osanjenjemera sakanaiwala kuwerenga mpaka zinayi. Ankasokoneza dala. Ankafuna tigundane, wina atembenukire kolakwika, wina aseke, kuti anthu aja aone ana osewera ndi timitengo. Ndipo pamene maso awo anachedwa pa ine, ankayang'ana munthu mmodzi m'gulu lonse amene ankamudalira kuti agwetsa.

Mwina sizikanasintha kanthu, mwina anthuwo anatsika phiri atagamula kale. Ndimadziuza zimenezo, ndipo masiku ena ndimakhulupirira. Manja angawa tsopano akalamba, amagwetsa makapu, singano, makiyi a nyumba, ndipo adzukulu anga amandiseka. Ndimawasiya aseke, n'kuwerama kutola.